Kuumba belu la buronzi mwa njira ya Theophilus

Njira imene tikufotokoza pano inalembedwa cha m'ma 1120 ndi mmonke wina wa ku Ulaya amene ankadzitcha Theophilus Presbyter, m'gawo lachitatu la buku lake lotchedwa De diversis artibus. Ndi njira yakale kuposa imene amagwiritsa ntchito lero makampani oumba mabelu monga John Taylor ku Loughborough m'dziko la England kapena Grassmayr ku Innsbruck m'dziko la Austria. Belu limayamba laumbidwa ndi mafuta ouma a ng'ombe pamwamba pa dongo (limeneli tizilitcha mtima), kenako limakutidwa ndi dongo lina (chigoba), mafutawo n'kusungunulidwa kuti achoke, ndipo buronzi amalowa m'malo amene mafuta asiya. Chikombole chimagwira ntchito kamodzi basi. Mabelu opangidwa motere alipo mpaka pano. Lina linavuulidwa padoko lakale la Haithabu ku Germany m'chaka cha 1978 ndipo ndi la cha m'ma 950. Lina ndi lotchedwa Lullus la ku Bad Hersfeld, ku Germany komweko, lomwe linaumbidwa mu 1038.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yagona pa tsiku lothira chitsulo. Kuthirako sikufika ngakhale mphindi imodzi. Belu limapangika kapena kuwonongeka m'masabata atatu kapena anayi oumba ndi kuumitsa dongo, ndiye chifukwa chake tichedwa kwambiri pamenepo.

Kukula kwake ndi zofunika kusonkhanitsa

Mabelu a nthawi imeneyo amatchedwa a mng'oma wa njuchi, potengera ming'oma yolukidwa ndi udzu ya ku Ulaya: pamwamba pozungulira, m'mbali motsika chowongoka, khoma lofanana kuchindikala paliponse kupatula pamlomo. Poyambira, pangani la masentimita 30 kukamwa ndi masentimita 30 msinkhu osawerengera makutu opachikira, khoma la mamilimita 8, mlomo wa mamilimita 20. Limeneli limalemera pafupifupi makilogalamu 20. Musakopeke ndi lalikulu. Mukawirikiza kukamwa kawiri, kulemera kumawirikiza kasanu ndi katatu, choncho belu la masentimita 60 lifuna makilogalamu 160, omwe anthu sangawanyamule mumphika.

Buronzi ndi mkuwa wosakaniza ndi tini, ndipo Theophilus anati magawo anayi a mkuwa, gawo lachisanu tini. Opanga mabelu a masiku ano amaika 78 peresenti mkuwa ndi 22 peresenti tini, kusiyana kwake n'kochepa. Pa belu lathuli musungunula makilogalamu 25, ndiye kuti mkuwa wofiira 20 ndi tini 5. Makilogalamu asanu owonjezerawo ndi odzaza njira yothirira komanso otsalira mumphika.

Mkuwa wabwino ndi wa mawaya a magetsi ndi mapaipi ofiira. Ugulidwe kwa ogulitsa zitsulo zakutha ovomerezeka ndipo risiti isungidwe, poti mawaya ambiri oyenda mumsewu ndi akuba. Mipopi yachikasu, maloko ndi zogwirira zitseko ndi bulasi, muli zinki, ndipo sizilowa m'belu. Tini afunika weniweni wa mibulu. Zitini za m'sitolo ndi chitsulo chongopakidwa tini pang'ono, ndipo waya wowotcherera mawailesi nthawi zambiri amakhala ndi mtovu wochuluka. Mtovu umapha mawu a belu, limangoti gwe n'kukhala chete.

Mufunanso mafuta a ng'ombe makilogalamu atatu, phula la njuchi kilogalamu imodzi, dongo, mchenga wa kumtsinje, mapale kapena njerwa zootcha zosinja, ndowe za kavalo kapena bulu, ubweya wa mbuzi, waya wachitsulo wofewa, njerwa, nkhuni zouma, makala a mtengo wolimba ogulidwa kwa ovomerezeka, mivukuto iwiri, ndi miphika iwiri yosungunuliramo yolowa makilogalamu 15 uliwonse.

Dongo

Dongo la woumba mbiya palokha silingagwire ntchitoyi. Limanyala kwambiri likamauma, limang'aluka pamoto, ndipo silipuma, pamene chikombole chiyenera kulola mpweya ndi nthunzi kudutsa m'khoma mwake. Poyesa ndi ndowa, sakanizani ziwiri za dongo, zitatu za mchenga ndi mapale osinja, imodzi ndi theka ya ndowe, ndi ubweya wodzaza manja awiri woduladula. Ndowe za kavalo ndi bulu n'zimene zimafunika chifukwa udzu wake umatuluka usanagayike wonse. Timaudzu timeneti timamanga dongo likamauma, ndipo pamoto timapsa n'kusiya timabowo topumira. Za ng'ombe n'zosalala kwambiri. Ngati ndi zokhazo zimene zilipo, onjezerani udzu wouma wodula bwinobwino kapena mankhusu a mpunga.

Pondani ndi mapazi mpaka zigwirane, muvundikire ndi masaka onyowa kwa sabata imodzi kapena kupitirira. Dongo lovundika limamatika bwino kuposa la lero lomwe.

Dongo la malo osiyana silifanana, choncho muyeso tapatsawu ndi poyambira chabe. Umbani kachidutswa kotalika, mulembepo timizere tiwiri totalikirana masentimita 10, kaume pamthunzi. Ngati mpata wachepa ndi mamilimita opitirira asanu, onjezerani mchenga. Ngati kakufumbutuka mukakakanda ndi chala, onjezerani dongo. Kenako kaponyeni m'makala oyaka mpaka kafiire. Kakaphulika kapena kugawika, dongolo silinafike.

Patulani lina pang'ono lakumaso. Limeneli ndi dongo, mapale osinja kwambiri ndi madzi a ndowe, zosefedwa pa nsalu, zosungunula ngati phala la mwana. Ndi limene lidzakhudzane ndi buronzi, ndipo khungu la belu lidzatengera kusalala kwake.

Mtima wa chikombole

Theophilus ankaumba belu litagona chammbali pa mtengo wozungulira. Semani ekiselo ya mtengo wouma wolimba, yotalika masentimita 70, yonenepa masentimita 8 mbali imodzi n'kumaonda mpaka masentimita 4 mbali inayo. Kuondako n'kofunika, apo ayi sidzasololoka. Igoneke pa matabwa awiri oimika okhala ndi mipata, ndipo kumbali yonenepa muike chopukusira. Kukamwa kwa belu kudzayang'ana mbali yonenepayo.

Kulungani ekiselo ndi chingwe cha udzu mizere iwiri musanayambe kumata. Izi sizili m'malangizo a Theophilus, koma zimathandiza kuti ekiselo ichoke mosavuta. Matani dongo munthu wina akupukusa pang'onopang'ono. Theophilus analola kuchindikala kwa zala ziwiri pa ulendo umodzi. Ife tikuti sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo lisapitepo lina loyambalo lisanaumiretu. Mukaphimba dongo lonyowa, kunja kumauma, mkati mumatsala madzi, ndipo madzi amenewo mudzakumana nawo tsiku lothira. Mbaula ya makala ochepa pansi pake imafulumizitsa, bola muzitembenuza. Ming'alu ing'onoing'ono ikaoneka, inyowetseni ndi kuitseka musanapitirize.

Mtimawu ndiwo mkati mwa belu, choncho kukamwa ukhale wa masentimita 26, kusiya awiri mbali iliyonse a mlomo. Kupitirira pamene mlomo uthere, onjezerani chitsendero cha dongo chotambalala masentimita 6. Apa ndi pamene chigoba chakunja chidzagwirane ndi mtima, dongo kwa dongo. Dulani thabwa lopyapyala molingana ndi mmene mkati mwa belu muyenera kuonekera, muziligunditsa pa dongo likuzungulira kuti lipale pokwera. Malizani ndi dongo lakumaso, musalaze ndi nsalu yonyowa, muumitse.

Belu la mafuta

Sungunulani mafuta a ng'ombe pamoto wochepa, musefe, azizire. Mafutawa amasungunuka pa madigiri 40 mpaka 50, ndipo m'dziko lotentha amayamba kufewa msanga kuposa ku Ulaya. Sakanizani magawo atatu a mafuta ndi limodzi la phula la njuchi kuti alimbe, ndipo muzigwira ntchitoyi m'mamawa. Miyezi ya June ndi July ndiyo yabwino: kunja kwazizira, mvula kulibe.

Yezani mafuta onse pasikelo musanayambe, mudzayezenso otsala ndi zopalapala mukamaliza. Kusiyana kwake muchulukitse ndi 9.5, ndipo mwapeza kulemera kwa belu. Mafuta a makilogalamu 2.1 akutanthauza buronzi wa makilogalamu 20. Mukapeza kuti alowa 2.6, belu lanenepa, ndiye mupale kapena muwonjezere chitsulo.

Khomerani timatabwa tiwiri tochindikala mamilimita 8 pa thabwa losalala lonyowa, muike mafuta pakati, mugudubuze ndi mtengo wozungulira wonyowa mpaka ugunde timatabwato. Mupeza zipepala za mafuta zofanana kuchindikala. Ziyaleni pa mtima chimodzichimodzi, polumikiza muzidutsitsa chitsulo chofunda. Pamlomo sanjikizani mpaka mamilimita 20. Pukusani n'kupala ndi chitsulo chakuthwa. Bayani ndi singano yokhala ndi chizindikiro pa mamilimita 8 m'malo osiyanasiyana. Mbali imodzi ikachindikala kuposa inzake, belu lidzalira mawu awiri olimbana, onjenjemera.

Mizere yozungulira imalembedwa belu likuzungulira. Zilembo zozokota m'mafuta zidzatuluka zolowa mkati, zomata ndi tizingwe ta phula zidzatuluka zotumphuka, ndipo zonse mulembe mmene ziwerengedwere, osatembenuza. Theophilus analamulanso mabowo anayi a makona atatu pafupi ndi khosi, akuti kuti belu lizilira bwino. Za mawuzo n'zokayikitsa. Phindu looneka n'lakuti dongo lolowa m'mabowo amenewa limalumikiza chigoba ndi mtima chakumtunda, mtima n'kulephera kusuntha buronzi akamalowa. Pa khoma la mamilimita 8, kusuntha kwa mamilimita atatu okha kwawononga kale belu.

Pansi pa mlomo matani timichira tiwiri ta mafuta tonenepa ngati chala, moyang'anizana, totulukira kunja. Amenewa ndiwo adzakhale mabowo otulutsira mafuta.

Chigoba chakunja

Mafuta amakana madzi, choncho dongo lakumaso limathawa n'kusiya timabowo. Yambani mwapukuta belu lonse ndi madzi a sopo ochepa. Pakani dongo lakumaso ndi burashi yofewa, mamilimita osapitirira awiri, mukulowetsa bwino m'zilembo. Liume pamthunzi podutsa mphepo. Moto usayandikire tsopano, ngakhale dzuwa, chifukwa mafuta akafewa zokongoletsa zapita. Pakani katatu, kenako muyambe dongo lokhakhala, sentimita imodzi pa ulendo. Pamwamba pozungulira ekiselo musiye posamata.

Chigoba chikafika masentimita atatu, imikani chikombole kukamwa pansi, mugogode ekiselo kumbali yoonda isololoke, musolole ndi chingwe cha udzu chija. Kumbani mtima kuchokera kunsi kuti ukhale wamphako, khoma lake litsale masentimita 4 kapena 5. Mtima wamphako umapsa mpaka mkati ndipo sulimbana ndi belu likamanyala.

Pa bowo limene ekiselo yasiya pamwamba ndi pamene pamalowa ngowe yokolekapo lilime, chitsulo chija chomenya belu mkati. Pindani chitsulo chofewa cha mamilimita 12 ngati chilembo U, nsonga zake muzipinde panja. Kupindikako kumire m'dongo lotsekera bowo, nsonga ziwirizo zitulukire kumtunda kuti zidzamizidwe mu buronzi. Umu ndi mmene ankachitira, koma dziwani kuipa kwake: chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, ndipo mabelu ambiri akale anang'aluka pamutu chifukwa cha ngowe yomweyi. Belu lokapachika panja ndi bwino kuliboola pamutu pambuyo pake n'kumanga ngowe ndi bawuti.

Phimbani pamutu ndi mafuta, pano mamilimita 12, muumbe makutu: limodzi lalikulu pakati ndi awiri kapena anayi otsamira pa ilo. Pamwamba pa lapakati imikani mtanda wa mafuta wonenepa masentimita atatu, wotalika 12, wotambalala kumtunda ngati fanulo. Iyi ndi njira yothirira, komanso nkhokwe imene belu limayamwamo chitsulo likamauma. Ikaonda, imauma msanga kuposa mutu wa belu, ndipo mphako imatsalira m'munsi mwa makutu, pamalo onyamula kulemera konse. Pa nsonga za makutu a m'mbali imikani tizingwe ta phula ta mamilimita 6 mpaka 8 tofika pamwamba, totulutsira mpweya.

Matani zonsezi monga poyamba, kenako mumange chikombole ndi waya kapena malamba achitsulo otalikirana chikhatho chimodzi, ena odutsa pansi pa chitsendero kukwera pamwamba. Matani dongo linanso pamwamba pa waya mpaka chigoba chifike masentimita 6. Kumangaku si mwambo chabe. Buronzi wamadzi amalemera kuposa madzi kasanu ndi katatu n'kupitirira, ndipo pa belu laling'ono ngati ili mphamvu yokankhira chigoba m'mwamba imaposa makilogalamu 100. Chisiyeni chiume sabata yathunthu.

Dzenje ndi kuotcha

Kumbani dzenje pamalo okwera, ouma, pansi pa denga losagwira moto msanga. Kuya kwake kukhale koti kamwa la chikombole lifanane ndi nthaka, ndipo kuzungulira kutsale mpata wa masentimita 40. Pansi yalani njerwa mizere iwiri, pakati pakhale ngalande yoti moto uzilowa m'mphako ya mtima. Tsitsani chikombole ndi zingwe, chikhale chilili, muone ndi levulo.

Yatsani moto wochepa m'ngalande ndi kuzungulira. Ikani mbale pansi pa mabowo awiri aja. Mafuta ayamba kudontha, kenako kuyenderera. Atengeni, adzagwiranso ntchito. Moto ukakula msanga pano, mafuta amatupa asanapeze potulukira n'kung'amba chigoba, kapena amalowerera m'dongo lakumaso n'kulifumbutula. Akasiya kutuluka, tsekani mabowowo ndi dongo lokhakhala louma pang'ono, mulitsendere zolimba. Malo awiri amenewa ndi amene amabooka kawirikawiri, chifukwa ali pansi penipeni pomwe buronzi amakankha kwambiri.

Sanjani njerwa kuzungulira chikombole, kusiya mpata wa masentimita 15, muziponyamo nkhuni. Pakamwa ikani phale kuti phulusa lisagweremo. Maola asanu ndi limodzi oyamba moto ukhale wofatsa, kenako muzikuza. Theophilus anati usana wonse ndi usiku wake, ndipo ngakhale pa belu laling'ono nthawi imeneyi siyochuluka. Dongo louma padzuwa limakhala lidakali ndi madzi omangika m'kati mwake, amene amachoka pokhapokha likafika madigiri 450 mpaka 600. Likapanda kufika pamenepo pamoto wa nkhuni, madziwo adzachoka buronzi akalikhudza, ndipo adzachokera m'kati mwa belu lanu.

Chikombole chapsa pamene utsi ndi fungo la mafuta zasiya kutuluka pakamwa, ndipo mukasuzumira usiku mkati mukuoneka kufiira kwa mdima. Ikani mpeni wozizira pakamwa kwa kanthawi. Ukachita nthunzi, pitirizani kuotcha.

Kusungunula

Moto wa ng'anjo uyambe chikombole chisanachotsedwe pamoto, chifukwa ziwirizi ziyenera kukumana zonse zili zotentha. Theophilus ankagwiritsa ntchito mphika wachitsulo womatidwa dongo mkati ndi kunja, makala ndi mkuwa zili pamodzi, mivukuto ikuuzira pamwamba. Miphika yogula ya girafaiti ndi yodalirika kuposa pamenepo, ndipo apa sitikuona chifukwa chokakamirira zakale. Amene anazolowera kusungunula aluminiyamu wa mapoto asamale: aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, mkuwa pa 1,085, ndipo chitini chachitsulo chimene chimapirira aluminiyamu chimadyeka ndi mkuwa.

Mangani ng'anjo ziwiri za njerwa ndi dongo pafupi ndi dzenje, masitepe osapitirira asanu, njira yake yopanda chopunthwitsa. Mpweya ulowe chammbali chakumunsi, usalunjike pamphika. Wambani miphika yopanda kanthu mpaka ifiire. Mu uliwonse mulowa mkuwa wa makilogalamu 10, woduladula, wopanda pulasitiki kapena mafuta, wowambidwa kale pamphepete pa ng'anjo. Pamwamba pa mkuwa pazikhala makala nthawi zonse kuti mpweya usaudye. Ovukuta azisinthana, mpweya usadukize. Yembekezerani ola limodzi ndi theka kapena awiri.

Mkuwa ukayandikira kusungunuka wonse, gulu lina lichotse moto ndi njerwa m'dzenje, litseke pakamwa ndi timabowo ta mpweya ndi nsalu kapena mapale, liyambe kukwirira. Dothi likhale louma, losefa, lothira masentimita 10 pa ulendo n'kutsendera ndi mitengo mozungulira mofanana. Musagunde chikombole. Ntchitoyi ithe msanga kuti chikombole chikhale chikadali chotentha kosagwirika, popeza khoma la mamilimita 8 m'chikombole chozizira limaumitsa buronzi asanafike pamlomo.

Tini amalowa pomaliza. Amasungunuka pa madigiri 232 okha, ndipo akakhalitsa pamoto amapsa n'kusanduka litsiro. Muike makilogalamu awiri ndi theka mumphika uliwonse, owambidwa, muwakankhire pansi ndi mbaniro, mutakase ndi ndodo youma yayitali. Mukaona utsi woyera wochuluka ndi lawi lobiriwira moyera, mwalowa bulasi. Chokani kumene ukupita utsiwo, umadwalitsa.

Tungani pang'ono muthire m'kangalande ka pa njerwa youma yotentha, kazizire, mukathyole ndi hamala. Buronzi wabwino amathyoka kamodzi, pothyokapo pali timaso tating'ono totuwa. Akapindika ndipo pothyoka pakufiirira, tini wachepa. Akamwazika ngati galasi ndipo pali mbee, tini wachuluka, ndipo belu lotere limalira bwino koma silikhalitsa.

Buronzi ameneyu amakhala atasungunuka yense cha pa madigiri 900, koma amathiridwa pa 1,050 mpaka 1,100. Popanda choyezera, yang'anani mtundu: chikasu chowala chopita ku lalanje, ndipo mukakankha makala pamwamba pamaoneka ngati kalirole woyendayenda. Akafika apo musamusunge. Buronzi wotenthetsa kapena wokhalitsa pamoto amamwa mpweya, umene amadzaulavula akamauma, n'kusiya timabowo m'khoma monse.

Kuthira

Aliyense adziwiretu ntchito yake, ndipo muyeserere ndi miphika yozizira dzulo lake. Awiri pa mphika woyamba, awiri pa wachiwiri, mmodzi wotchinga litsiro ndi ndodo pamlomo wa mphika, mmodzi wolamula. Ena onse atalikire. Zovala zikhale za thonje lochindikala kapena chikopa, nsapato zachikopa zotseka, thalauza likwirire nsapato, magolovesi achikopa, chotchinga nkhope. Nayiloni amasungunukira pathupi. Musathirire pa simenti, imaphulika. Madzi asayandikire, ndipo chitsulo chilichonse chokhudza buronzi chiwambidwe kaye. Dontho limodzi la madzi pansi pa buronzi limamwaza chitsulo chamoto kutali. Pozimira pakhale mchenga wouma.

Chotsani zotsekera, muyengule makala ndi litsiro, muthire. Fanulo idzaze msanga ndipo ikhale yodzaza mpaka mapeto, kuti litsiro liziyandama pamwamba ndipo mpweya usakokedwere pansi. Mphika wachiwiri uyambe woyamba usanathe. Mukadukiza ngakhale pang'ono, pamene buronzi woyamba anaimira pamachita khungu, wachiwiri sagwirana naye, ndipo belu limatuluka ndi mzere wozungulira umene ndi mng'alu kale. Zonse zithe m'masekondi 20 mpaka 30. Malawi ang'onoang'ono pa timabowo ta mpweya ndi abwino. Buronzi akatulukira m'timabowomo, chadzaza.

Theophilus ankauza mmisiri kuti agone pafupi ndi kamwa la chikombole azimvetsera, ndipo akamva kugunda ngati kwa bingu lakutali, auze othira aime pang'ono. Kugundako ndi nthunzi kapena mpweya wosowa potulukira. Mvetserani muli chilili patali. Mukakumva mwamphamvu, buronzi n'kuyamba kubwadamuka pakamwa, lekani kuthira muchokepo.

Ikani makala oyaka pa fanulo kuti ichedwe kuuma. Muona pakati pake pakulowa pansi. Ndi belu likuyamwa, ndipo ngati mumphika mwatsala buronzi, onjezeranipo.

Kuchotsa mtima

Gawo ili ambiri amaliphonya. Buronzi akamazizira amanyala pafupifupi 1.5 peresenti, ndiye kuti kukamwa kwa belu lathu kuchepa ndi mamilimita anayi kapena asanu. Mtima wootchedwa sunyala nawo. Belu limaufinya, ndipo ukakhala wolimba, belu ndi limene limagonja. Theophilus anadziwa zoti mtima uchoke msanga, ngakhale iye ankati umatupa ndi chinyezi.

Fanulo ikauma ndipo kufiira kwatha, patapita theka la ola kapena ola, fukulani dothi, mugoneke chikombole chammbali pa mchenga wouma pogwiritsa ntchito mitengo ndi ngowe, mosagwetsa. Gumulani mtima ndi chitsulo chachitali, osamenya belu. Sikofunika kuchotsa wonse, bola uthyoke kuti usakhalenso mkombero wathunthu. Chigoba chakunja chisiyeni, mutseke kukamwa ndi dothi louma lotentha, zizizire usiku wonse. Madzi asakhudze. Belu la Tsar ku Moscow, lolemera matani pafupifupi 200, linathyoka chibenthu mu 1737 pamene anthu ozimitsa moto analithira madzi lili lotentha m'dzenje lake.

Kumaliza ndi kumva mawu

M'mawa gumulani chigoba ndi hamala yamtengo. Dulani fanulo ndi timichira ndi sowo, musathyole ndi hamala, chifukwa buronzi wa belu ndi wophweka kusweka ndipo angapite ndi khutu. Palani ndi tupa, mukwecheze ndi mwala wa mchenga. Theophilus ankalibwezera pa ekiselo n'kumalipukusa mwala uli pamenepo.

Lilime lisulidwe ndi chitsulo chofewa, lolemera magalamu 600 mpaka 700, lonenepa kumunsi. Likolekeni pa ngowe ndi lamba wachikopa chochindikala, ndipo mutu wake uzimenya pamene mlomo wachindikala kwambiri. Likamenya pamwamba pa apo, pakhoma lopyapyala, belu ling'aluka. Chitsulo cholimba ngati cha sipuling'i ya galimoto sichiyenera, chimadya belu m'malo modyeka chokha.

Lipachikeni ndi chingwe pa khutu lapakati, muligogode ndi mtengo. Musayembekezere mawu a belu la tchalitchi la lero. Belu lamakono limakhala ndi mawu asanu oyanjana, ndipo luso lowayanjanitsa popala mkati linakhwima m'zaka za m'ma 1600 ndi abale awiri oumba mabelu, François ndi Pieter Hemony, mothandizana ndi katswiri woimba mabelu Jacob van Eyck. Ngakhale maonekedwe a mlomo wotambalala, ngati a belu lotchedwa Gloriosa la ku Erfurt, ku Germany, limene Geert van Wou anaumba mu 1497, anabwera patapita zaka mazana kuchokera nthawi ya Theophilus. Belu la mng'oma limalira mokalipa, mawu ake osayanjana kwenikweni, ndipo kulipala mkati kuti limveke lamakono ndi kuwononga chimene mumafuna kupanga.

Chimene muyenera kumvetsera ndi kutalika kwa kulira. Likangoti gwe n'kuleka, kapena likamanzerezera, pali mng'alu. Pakani palafini mkati, choko kunja, ndipo mng'alu uonekera ngati mzere wonyowa. Ukakhala woimirira kuchokera pamlomo, mtima unachedwa kuchoka. Ukakhala wozungulira, munadukiza pothira kapena buronzi anazizira. Timabowo tosalala mkati ndi mpweya, wochokera ku chikombole chosapsa kapena buronzi wotenthetsa. Mabowo okhakhala pansi pa makutu ndi fanulo yoonda. Zipsepse zopyapyala zotumphuka pakhungu ndi ming'alu ya chigoba, ndipo zimangofuna tupa. Zigamba za dongo zomira m'khungu zikusonyeza kuti dongo lakumaso linasupuka, mwina chifukwa chopaka lochindikala kapena moto woyamba unakula.

Belu long'aluka musalimbane nalo ndi kuwotcherera. Liphwanyeni likazizira, muchotse ngowe yachitsulo ndi dongo lonse lomatirira, mulisungunulenso. Popeza tini wina anapsa ulendo woyamba, thyolaninso kachidutswa koyesera musanathire, ndipo ngati kakupindika onjezerani tini magalamu 100 pa makilogalamu 10 aliwonse, muyesenso.